Mutu 7: Njati Ina Kuseri kwa Mpanda

1. Giyabokosi pa tebulo

Giyabokosi ya Njati inali itayalidwa pa tebulo lachitsulo ngati nyama yosendedwa. Magiya apa, mashafuti apo, mabawuti m'chigubu chodula pakati.

Njati chinali chilole chakale cha asilikali, chobiriwira, cha mphuno yaitali. Bambo a Kawashala, amene anali makaniko, anachigula pamene gulu la nkhondo linkataya magalimoto otha ntchito. Mvula ikagwa, msewu wopita ku kachipatala ka paphiri unkasanduka matope okhaokha, ndipo galimoto yokhayo imene inkakwera kumeneko inali Njati. Chaka chimenecho kunali furiji yosungira katemera ndi mabokosi a mankhwala zodikira kukwera phiri msewu usanatsekeke. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana chakum'mawa.

Koma Njati inali itayamba kulira ngati chigayo, oyilo akuchucha pansi pake. Tsoka linanso, jeke inaterereka n'kuwathyola mwendo bambowo. Tsopano anali pa mpando, mwendo uli m'chikhakha, ndodo zoyendera zili pambali.

"Kawashala, tabwera kuno," anaitana.

Dzinali anam'patsa ali wamng'ono, chifukwa ankakonda kudzipanikiza pakati pa bambo ake ndi injini, monga washala amakhalira pakati pa bawuti ndi nati. Tsopano anali mtsikana wa sekondale, ndipo sukulu inali itatsekera.

Bambo ake anakulunga zinthu zinayi m'kansanza: beringi yaikulu ya kumbuyo, beringi yaing'ono ya kutsogolo, ndi masilu awiri, timphete timene timatseka oyilo kuti asatuluke. Maberingiwo ndi mphete zachitsulo zimene shafuti imazunguliramo. Zonse zinali zakutha. Pamwamba anaikapo vaniya, kachipangizo koyezera zitsulo.

"Tamvera, mwana wanga, chifukwa miyendo yanga lero ndiwe. Galimoto iyi anaipanga anthu oyeza ndi mainchi. Za masiku ano amayeza ndi mamilimita. Pamaso zimafanana ngati mapasa, koma chitsulo sichinamizidwa. Akakupatsa beringi, usayang'ane kuwala kwake kapena kukongola kwa bokosi. Yeza m'kati, yeza kunja, yeza kunenepa kwake. Wina akakuuza kuti, 'Yangotsala pang'ono, mukakhomera panchi,' ameneyo mutembenukire msana. Kukhomera panchi n'kutema timabala m'nyumba ya beringi kuti yolowa lendelende igwire. Imagwiradi, kwa kanthawi. Kenaka tsiku lina uli pakati pa chitunda, m'mbuyomu muli mayi wodwala, beringi iyamba kuvina m'nyumba mwake, giya ithawa, galimoto n'kuyamba kubwerera chafutambuyo. Nthawi imeneyo wogulitsa uja adzakhala ali kwawo, akuseka ndi ana ake. Wandimva?"

"Ndamva, Ababa."

"Zakuthazi usasiyire munthu, ngakhale akulonjeze zotani. N'zimene zikakulankhulire kwa ogulitsa."

"Nanga zikapanda kupezeka?"

Bambowo anayang'ana mitambo kudzera pa khomo la galaja.

2. Msewu wa masipeya

Msewu wa masipeya unkanunkha dizilo ndi dzimbiri. Timashopu tamalata tinali titathithikana, masipuling'i ndi mapaipi zikulendewera m'makomo. Kawashala analowa shopu ndi shopu, akumasula kansanza kake.

"Iyi ndiye ya nthawi ya agogo a agogo anga," anatero wogulitsa wina. "Mwaifukula kumanda kuti, asisi?"

Wina anaitembenuza, n'kuombetsa lilime. "Kagulitseni chilolecho kwa anyamata a sikirapu, apange mbaula."

Kumapeto kwa msewu kunali shopu ya mnyamata amene onse ankamutcha Zilipo, chifukwa chilichonse chimene munthu wafunsa, iye ankayankha kuti, "Zilipo!" Ankavala malaya oyera mbee pakati pa gilisi yense uja, ndipo akaseka ankaonetsa mpata wa m'mano umene atsikana a kusukulu kwa Kawashala ankaukamba pa nthawi yopuma.

"Mwana wa amakaniko! Lero dzuwa latulukira m'shopu mwanga. Mukufuna chiyani?"

"Maberingi a giyabokosi ya Njati, ndi masilu ake. Mankhwala akudikira kukwera phiri."

"Zilipo!"

Analowa kuseri kwa mashelefu, n'kubwera ndi kabokosi katsopano. Beringi inali yonyezimira moti Kawashala anadziona nkhope. Anatulutsa vaniya. M'kati inakwana. Kunenepa kunakwana. Atayeza kunja, anabwerezanso, kenaka anaibweza m'bokosi.

"Yachepa."

"Yachepa bwanji? Ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi lokha! Akakhomera pa—"

"Musamalize, achimwene. Mukamaliza sindidzalowanso muno."

Zilipo anaseka, koma maso ake anaonetsa ulemu. Anasuzumira kunja, n'kutsamira pa kauntala mpaka mawu ake anasanduka kanong'onong'o.

"Chabwino. Ndikuuzeni chinsinsi chimene sindinauzepo munthu. Njati yanu ili ndi mnzake."

"Bodza."

"Ndikulumbira. Kuseri kwa fakitale yakale ya njerwa kuli nyumba ya mpanda wautali. M'katimo muli chilole chofanana ndi chanucho, mphuno yomweyo, mtundu womwewo. Chafundidwa chilona. Mwini wake ndi mayi wina wachikulire, wankhanza ngati mavu. Anthu olemera apitako kukachigula, amawathamangitsa ndi tsache. Chilolecho sichiyenda, ndipo sichidzayendanso."

"Nde mukundiuziranji?"

"Mayiyo m'mawa uliwonse amapita kumsika, amabwera dzuwa litapendeka. Kumbuyo kwa mpanda kuli lata lina losakhomedwa bwino. Sitikuba ayi. Tingosinthanitsa. Tichotsa beringi yaikulu, tiikapo yatsopanoyi. Ya kumbuyo siivuta: shafuti pansi, chivundikiro pansi, pula yokokera beringi, basi. Yaing'onoyo tidzaibwerera. Galimoto yongokhala ikudziwa chiyani za tsitsi limodzi? Inu mankhwala akwera phiri, mayiyo sataya kanthu."

Kunja kunagunda bingu la patali. Kawashala anamanga kansanza kake pang'onopang'ono.

"Tiyeni ndikangoona," anatero.

3. Pansi pa chilona

Lata lija linatsegukadi. Zilipo analowa poyamba ndi chikwama cha zipangizo, Kawashala pambuyo.

Bwalo linali losesedwa bwino. Pakati pake, pansi pa denga la malata, panaima chinthu chachikulu chofundidwa chilona. Zilipo anakweza ngodya imodzi.

Kawashala anagwira pakamwa. Inali Njati yeniyeni, koma Njati ya m'maloto. Penti yake inali yosakandika, magalasi a nyali ali owala, zitseko zili zowongoka. Matayala onse anali m'mwamba, galimoto itakhazikidwa pa zigogo zamatabwa.

"Mukuona? Ngakhale pansi sichiponda," ananong'ona Zilipo. "Lowani pansipo, ndinu wochepa thupi. Nayi sipanala."

Kawashala anakwawira pansi pa chilolecho. Anayembekezera akangaude ndi fumbi, koma anapeza chiguduli choyalidwa bwino, chophwanyika pakati chifukwa chogonedwa kawirikawiri. Anagonapo chagada. Pamwamba pake panali shafuti yaikulu yochoka ku giyabokosi. Yonse inali yakuda, kupatula malo awiri amene ankawala ngati supuni, otalikirana ngati manja a munthu.

Anaika sipanala pachifuwa, n'kugwira malo awiriwo. Manja ake anakwanapo ndendende. Anapotokola.

Shafuti inazungulira. Sinalire, sinakakamire. M'kati mwa giyabokosi munamveka kaphokoso kofewa ka magiya akusambira mu oyilo. Galimoto imene yakhala zaka osaigwira siizungulira choncho. Kawashala ankadziwa zimenezo kuyambira asanadziwe kulemba dzina lake.

"Fulumirani, asisi!"

Anatuluka pansipo n'kum'bwezera sipanala.

"Galimoto iyi sinafe. Pali munthu amene amagona apa n'kumaizungulitsa ndi manja."

"Nde zili ndi ntchito yanji? Bola sichituluka pageti."

"Ababa anandiletsa kuika beringi yochepa mu Njati yathu. Nde ndikaiike mu ya mwini, iye osadziwa?"

"Nanga mankhwala aja? Mvula ikudikirani?"

Kawashala anayang'ana mitambo. Kenaka anadzisasa fumbi.

"Ndikagogoda kutsogolo. Ndiwadikira mpaka abwere."

"Mwapenga! Akufunsani kuti mwadziwa bwanji za chilolechi."

"Ndiwauza."

"Ine musanditchule," anatero Zilipo, ali kale pa lata lija. Malaya ake oyera anakodwa pa msomali n'kung'ambika, koma sanacheuke.

4. Asajeni

Kawashala anatulukira pomwe analowera, anazungulira mpanda wonse, n'kukaima pa geti lakutsogolo. Atangokweza dzanja kuti agogode, geti linatseguka.

Panaima mayi wamtali, wa imvi zometedwa mwachidule, msana uli chilili ngati mzati. Manja ake anali aakulu, okhala ndi zipsera zambiri.

"Lero sindinapite kumsika," anatero mayiyo. "Bondo linandikaniza. Ndinali pawindo."

Kawashala anatsitsa dzanja. Anagwada pomwepo.

"Pepani, amayi. Ndinalowa kumbuyo ngati wakuba."

"Ngati wakuba? Amene amalowera pa lata amatchedwa chiyani kwanuko? Dzuka. Ndipo kuno sati amayi, amati Asajeni. Lowa, utseke getilo."

Anamukhazika pa benchi moyang'anana ndi chilole chija. Kawashala anafotokoza zonse: mwendo wa bambo ake, furiji ya katemera, mashopu, beringi yochepa. Atafunsidwa za mnzake wa malaya oyera, anangoyang'ana pansi.

"Usavutike, ndikumudziwa. Chidutswa cha malaya ake chili pa msomali wanga." Asajeni anakhala pa chitsa n'kutambasula bondo lawo. "Tsopano tsegula makutu. Ine ndinali makaniko wa asilikali kuyambira ndili mtsikana ngati iwe. Magalimoto awa ndawakonzera m'matope, m'mvula, nthawi zina zipolopolo zikulira. Kumeneko tinali ndi lamulo limodzi: sumasula nati pa galimoto ya mnzako iye asanakuyang'ane m'maso n'kukuuza kuti masula. Chifukwa iye mawa akwera galimotoyo akukhulupirira kuti zonse zili m'malo mwake. Woba ndalama amakusiya ukudziwa kuti wakubera. Wosinthanitsa chitsulo mobisa amakusiya ukuseka, n'kukakupha kutsogolo. Ndipo usadzanamizidwe ndi mawu akuti 'sitikuba, tikungosinthanitsa,' kapena akuti 'n'zothandiza odwala.' Zoipa zambiri zimabwera zitavala malaya oyera. Lero wakana utafika kale pansi pa galimoto, sipanala ili pachifuwa. Wachita bwino, koma wachedwa. Tsiku lina udzakane udakali pa kauntala."

"Ndamva, Asajeni."

"Unadziwa bwanji kuti ndi yamoyo?"

"Pogwira panu pakuwala. Ndipo magiya onse akuzungulira, osati shafuti yokha."

Nsidze za Asajeni zinakwera pang'ono. Ananyamuka, n'kutsegula chitseko cha dalaivala. Ndodo yokhuthala inali itaponderezera kilatchi pansi, galimoto ili m'giya.

"Ukasiya giyabokosi itangokhala, oyilo yense amatsikira pansi. Zam'mwamba zimauma, dzimbiri n'kulowa, ndipo beringi imadyeka pamalo amodzi pomwe yatsamira. Nde m'mawa uliwonse ndimaipatsa moni ndi manja. Injini inandithera, sindinapeze zida zake. Koma giyabokosi iyi ukhoza kuiika pa msewu lero lomwe." Anatambasula dzanja. "Tione zakuthazo."

Anatenga beringi yaikulu, anailowetsa chala, anaizungulitsa pafupi ndi khutu, maso ali chitsinzire. Kenaka anainunkhiza.

"Sinafe yokha iyi. Silu ya kumbuyo ndi imene inayamba kutha, oyilo anathawa, beringi n'kupsa ndi ludzu. Anthu amalira chachikulu, osadziwa kuti chimene chinapha n'chaching'ono."

Kawashala anangoti kukamwa yasa. Bambo ake anatha tsiku lonse kuti aone zimenezo.

5. Zitini za pa shelefu

M'kachipinda ka kuseri munali mashelefu a zitini zobiriwira, zondandalikidwa ngati asilikali pa perete. Asajeni anatsitsa chimodzi. M'katimo munali oyilo wonyezimira, ndipo pansi pake panagona timphete takuda.

"Masilu akale ndi a chikopa, si a labala. Ukawasiya pouma amalimba ngati khungwa, ukawaika amadula shafuti. Awa akhala akumwa oyilo chichokereni ine ku usilikali. Gwira."

Kawashala anatsina mlomo wa silu. Unali wofewa ngati khutu la mwana.

"Poika, mlomowu uyang'ane m'kati, kumene kuli oyilo. Ukautembenuza, wangotsegulira oyilo khomo."

M'chitini china munatuluka beringi yaing'ono, yokulungidwa m'pepala la phula. Asajeni sanam'patse m'manja. Anaiika pa tebulo n'kuloza vaniya.

"Yeza."

"Koma ndi yanu, Asajeni. Ndikukukhulupirirani."

"Yeza, iwe! Ine ndine ndani kuti chitsulo chindimvere?"

Kawashala anayeza m'kati, kunja ndi kunenepa. Zonse zinakwana ndendende. Anaseka, misozi ili m'maso.

Asajeni anatsegula chitini cha maberingi aakulu. Anapisamo dzanja, anafufuza, n'kuchitembenuza. Munagwa pepala la phula lokhalokha. Anatsegula china, n'chinanso. Pomaliza anatsamiritsa dzanja pa shelefu.

"Yomaliza ndinaiika mu galimoto yangayo," anatero.

Kawashala anayang'ana zitini zopanda kanthuzo. Popanda beringi yaikulu, zina zonsezo zinali zopanda ntchito. Anakulunga masilu ndi beringi yaing'ono mosamala.

"Zikomo kwambiri, Asajeni. Izi zokha n'zambiri. Yaikuluyo ndikafufuza kwina."

"Kwina kuti? Ine ndafufuza zaka zonsezi." Anatuluka panja, n'kuima pafupi ndi chilole chawo. Anachisisita pa mphuno nthawi yaitali. Mphepo yonunkha mvula inakupiza chilona.

"Kuchipatalako kumabadwira ana?"

"Ambiri, Asajeni."

Mayiyo anatsegula bokosi la zipangizo la m'mbali mwa galimoto. Anatulutsa sipanala yakale, yosalala ndi manja, n'kumuyang'ana Kawashala m'maso.

"Masula."

"Asajeni, mukaichotsa simudzaizungulitsanso. Idzauma."

"Ndikudziwa kuposa iwe. Galimoto anaipangira kunyamula anthu, osati kusangalatsa nkhalamba. Koma umve: kuyambira lero, kuipezera beringi ina ndi ntchito yako. Ufufuze mpaka uipeze, ngakhale udzakhale ndi imvi ngati ine. Ndipo udzalowere pa geti."

Kawashala analandira sipanalayo ndi manja awiri, n'kukwawiranso pa chiguduli chija. Asajeni anakhala pa chitsa, akulamula nati ndi nati. Atakhetsa oyilo, shafuti inatsika, chivundikiro chinatsika, pula inagwira. Beringi itatuluka, inali yoyera ngati yopangidwa dzulo. Kawashala anaiyeza asanauzidwe, ndipo inakwana. Mayiyo anatseka bowo la giyabokosi ndi nsanza yonyowa ndi oyilo, manja akuchita pang'onopang'ono ngati akufunditsa mwana.

Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala ovolosi yotuwa.

"Beringi yanga siikhomedwa ndi hamala ine kulibe. Tsogola."

6. Mlendo m'galaja

Anafika ku galaja dzuwa lisanalowe, Asajeni akutsimphina koma akukana kugwiridwa mkono. Kawashala anathamangira m'kati, kansanza kali m'mwamba.

"Ababa! Zonse zinayi! Za mainchi zenizeni, ndayeza ndekha!"

Bambo ake anamasula kansanzako mofulumira. Anazungulitsa beringi yaikulu, anatsina silu, nkhope yawo n'kuwala ngati ya mwana.

"Masilu a chikopa! Mwana iwe, zimenezi wazitenga kuti? Amene ankasunga masilu mu oyilo chonchi ndinkamudziwa mmodzi yekha, ndipo iyeyo..."

Chithunzithunzi chinagwa pa tebulo. Bambowo anatukula maso n'kuona amene anaima pakhomo.

Silu inagwa m'manja mwawo. Anagwira tebulo, anadzikoka, n'kuimirira ndi mwendo umodzi. Ndodo zoyendera zinagwa pansi ndi phokoso, koma sanaziyang'ane. Anawongola msana, dzanja lamanja n'kukwera pachipumi.

Kawashala anali asanamvepo, ngakhale kamodzi, kuti bambo ake anakhalapo msilikali.

Asajeni sanabweze sawatchayo. Analowa pang'onopang'ono, anatola silu ija, anaipukuta pa ovolosi, n'kuiika pa tebulo.

"Tsitsa dzanjalo, Kopolo, ungagwe," anatero. "Mwana wako ndi wolimba mtima kuposa iwe, iye anabwera kudzagogoda. Tiyambe tatseka giyabokosiyi mvula isanagwe. Tikamaliza, umuuza wekha chimene wakhala ukundithawira chichokereni ku usilikali, kapena ndimuuze ndine."